Msonkhano wa pa Vidiyo Umafunikanso Wapampando

Mabanja ambiri masiku ano ndi omwazikana: wina ali ku Lilongwe, wina ku Johannesburg, wina ku London. Pakagwa nkhani yaikulu, monga matenda a makolo kapena zokonzekera ukwati, achibale amakumana pa Zoom, Google Meet kapena WhatsApp. Koma pakasowa wotsogolera, amawu amphamvu ndiwo amalamulira, agogo amangomvetsera, bandulo n'kutha mfundo isanamangidwe. Ntchito ya wapampando ndi kuonetsetsa kuti aliyense wamveka.

Ntchitoyi imayamba tsiku lisanafike. Tumizani mitu ya zokambirana, ndipo musachulukitse. Zoom yaulere imalola anthu 100 koma imadula pakatha mphindi 40, choncho nkhani yovuta ikhale yoyamba. Nenaninso nthawi momveka. Malawi ndi South Africa nthawi yawo ndi imodzi, koma London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndi maola awiri miyezi inayo.

Chachiwiri, londerani pakhomo. Mu March 2020, bungwe la FBI ku America linachenjeza za anthu omwe ankalowerera misonkhano ndi makalasi a pa Zoom n'kumaonetsa zithunzi zolaula. Musaike linki poyera pa Facebook. Gwiritsani ntchito Waiting Room, pamene olowa amayamba adikira kufikira mutawatsegulira. Dzina losadziwika, monga la mtundu wa foni, lifunseni kaye. Onse akafika, tsekani msonkhano, makamaka ngati pali ana kapena mukukamba za matenda a munthu.

Chachitatu, gawani mpata. Batani la Mute All limatseka maikolofoni a onse, kuti kulira kwa tambala kapena wailesi ya kwa wina zisasokoneze. Wofuna kulankhula akweze dzanja. Itanani ofatsa ndi mayina awo: "Azakhali, inu mukuiona bwanji nkhaniyi?" Mukatero dikirani pang'ono, chifukwa mawu amachedwa kufika kumene netiweki ndi yofooka. Kukhala chete si kuvomera ayi. Amene mawu awo akudukaduka azimitse kamera, zimapulumutsanso bandulo. Mafoni awiri m'chipinda chimodzi amalira, choncho a nyumba imodzi alowe pa foni imodzi.

Nanga wina akapsa mtima? Kutsekera wamkulu maikolofoni mosamuuza kuli ngati kumudula pakamwa pabwalo. Gwirizanani lamulo poyamba, monga mphindi ziwiri aliyense, kuti pomukumbutsa lisaoneke ngati chipongwe. Kutulutsa munthu kukhale kwa mlendo wosokoneza, osati m'bale wotsutsa maganizo anu. Musajambulenso msonkhano onse asanavomere.

Kukatsala mphindi zisanu, bwerezani zomwe mwagwirizana: ndani achita chiyani, pofika liti. Zilembeni pa gulu la WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo amene foni inawathera moto aimbiridwe. Nawonso ndi eni nkhani.