Tom Dixon: adatchuka ndi zitsulo zotayidwa

Ukatchula mipando ndi nyale zamakono ku Mangalande, dzina la Tom Dixon silisowa. Komatu katakweyu sadamalize sukulu ya ntchito imene adatchuka nayo. Luso lake adaliphunzira ndi manja, pakati pa zitsulo zadzimbiri zimene anthu ena adataya.

Dixon adabadwa m'chaka cha 1959 mumzinda wa Sfax m'dziko la Tunisia, ndipo banja lawo lidasamukira ku Mangalande iye ali ndi zaka 4. Atakula adalowa sukulu ya zaluso ya Chelsea mumzinda wa London, koma adangokhalako miyezi yowerengeka n'kusiya. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 ankaimba gitala ya besi m'bandi ya Funkapolitan.

Ngozi ya njinga yamoto ndiyo idasintha zinthu. Mkuluyu adathyoka mkono ndipo zoimba zidathera pomwepo. Mwayi wake udali woti adali ataphunzirako kuwotcherera zitsulo pofuna kumadzikonzera njinga yake. Adayamba kutola mapaipi, zidutswa za mageti ndi zitsulo zina n'kumazilumikiza kukhala mipando. Anthu atayamba kugula, adazindikira kuti masewera aja asanduka ntchito.

Mpando umene udamutchukitsa ndi S-Chair, womwe ndi wopindika ngati chilembo cha S. Mwini wake amati maonekedwe a mpandowu adachokera pa kachithunzi ka nkhuku kamene adajambula mongocheza. Poyamba ankaukulunga ndi mphira za machubu a matayala, kenaka adayamba kuuluka ndi udzu. Kampani ya Cappellini ya ku Italy idautenga n'kuyamba kuupanga wambiri, ndipo lero umasungidwa m'nyumba zoonetseramo zaluso ku London ndi ku New York.

Maganizo a Dixon pantchitoyi ndi osavuta kumva. Iye sayambira papepala ayi, amayamba wadziwa kaye chipangizo. Chitsulo, mkuwa, galasi ngakhale pulasitiki, chilichonse chili ndi khalidwe lake, ndipo maonekedwe a katundu amachokera pa mmene chipangizocho chimapindikira, kusungunuka kapena kuwala.

Umboni wake ndi nyale zotchedwa Beat, zolendewera kudenga. Maonekedwe ake adatengera miphika ndi zotungira madzi zamkuwa za ku India. Nyalezi amazisula ndi manja amisiri a kumpoto kwa dzikolo, ndipo mkati mwake mumaoneka timaenje tosiyidwa ndi nyundo. Timaenjeti ndi timene timamwaza kuwala mokongola. Ntchitoyi idapatsa msika wina amisiri amene ziwiya zawo zamkuwa zinkagonja pamsika chifukwa cha zapulasitiki zotsika mtengo.

Koma kupanga chinthu chokongola n'kwina, kuchigulitsa n'kwinanso. Mu 1998 Dixon adalowa ntchito kukampani yogulitsa katundu wa m'nyumba ya Habitat monga mkulu wa akatswiri okonza maonekedwe a katundu, ndipo adakhalako mpaka 2008. Kumeneko adaphunzira za mitengo, mafakitale ndi zokonda za ogula. Mu 2001 adalandira ulemu wa OBE, ndipo mu 2002 adatsegula kampani yodziwika ndi dzina lake lomwe.

Potsatsa malonda, mkuluyu ali ndi njira zakezake. Mu 2006 adagawa ulere mipando 500 yopepuka pabwalo la Trafalgar Square ku London, anthu n'kumapita nayo kwawo atanyamula pamanja.

Mu 2018 kampani yake idasamukira ku King's Cross mumzinda womwewo, m'nyumba yakale imene idali ofesi ya malonda a malasha. Pamalowa pali maofesi, sitolo ndi malo odyera, ndipo alendo amakhalira mipando ya Dixon, pansi pa nyale za Dixon yemweyo.

Kanthu n'khama, adatero akuluakulu. Mnyamata amene adagwira makina owotcherera pofuna kungokonza njinga yake, makina omwewo adamutsegulira ntchito imene wakhala akudyera kwa zaka zoposa 40.