Ulendo wa pa Bwato ndi Mwana Wodwala Mapapo

Pa tchuthi mabanja ena a ku Silverest amapita ku Siavonga kukakwera bwato pa nyanja ya Kariba. Koma makolo a mwana wodwala cystic fibrosis ayenera kusamala. Matendawa ndi obadwa nawo: makhololo amalimba m'mapapo, ndipo tizilombo tikalowamo sitichoka msanga. Kachilombo kotchedwa Pseudomonas kamakonda madzi okhalitsa, monga a m'thanki ndi otsalira pansi m'bwato.

Choncho mumtengere mwanayo madzi owiritsa, asambe m'manja ndi sopo, ndipo chipangizo chake chokokera mankhwala chiume bwino. Odwala matendawa awiri asakwere bwato limodzi, pakuti amapatsirana tizilomboti. Kutentha kwa ku Siavonga kumamtayitsa mchere wambiri m'thukuta. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke.

Makolo anzanga, mwana asamanidwe chisangalalo, koma kumbukirani kuti mapapo akaonongeka sabwerera mwakale.