Ntchito ya pamwezi ikusowa, koma manja sakupuma ku Chidzolomondo

CHIDZOLOMONDO — Mnyamata akamaliza kalasi 12 ku Furancungo, makolo amayembekeza kuti tsopano apeza ntchito ya malipiro a pamwezi. Ambiri amabwerera kumudzi chimanjamanja n'kukatola khasu lomwe analisiya.

Si tsoka la ku Macanga kokha ayi. M'dziko lonse la Mozambique, pafupifupi anthu 7 mwa 10 aliwonse ogwira ntchito amadalira munda, pomwe Banki ya Dziko Lonse imawerengera kuti achinyamata pafupifupi theka la miliyoni amafika msinkhu wofuna ntchito chaka ndi chaka. Makampani olembedwa ku boma, ochuluka ndi aang'onoang'ono, a anthu owerengeka.

Makampani aakulu amamveka dzina, koma zipata zawo ndi zopapatiza. Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, anyamata anathamangira komweko. Anakapeza kuti mgodi umayenda ndi makina ndipo umafuna mapepala a umisiri. Mu 2022 mgodiwo unagulitsidwa kwa Vulcan. Akuluakulu a ku Tsangano amakumbukanso CAIA, munda waukulu wa boma umene unkalemba anthu ambiri dziko litalandira ufulu mu 1975. Unafa ndi nkhondo, ndipo amene anabwerako ku Malawi mtendere wa 1992 utabwera anapeza mabwinja okhaokha.

Ndalama yeniyeni ya kuno ili pa fodya. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, yomwe ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, nigula fodya ndi kudula ngongoleyo pogulitsa. Mlimi wotere amaoneka ngati wantchito wa kampani, koma si wantchito. Malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza chaka chilichonse samukhudza. Matalala akaononga munda, kapena fodya akagwa giredi pamsika, chitayiko ndi chake.

Chimene ambiri sachiwerengera n'chakuti mlimi yemweyu ndiye bwana wolemba anthu ambiri m'dera lino. Wokhala ndi mahekitala awiri kapena atatu amatenga anyamata, ambiri ochokera ku Malawi, kuti azigona pakhomo, azidya pomwepo, n'kudzalandira zawo fodya akagulitsidwa. Pangano limakhala la pakamwa, ndiye chaka chikavuta mlandu umakathera kwa amfumu. Ku Tsangano ndi chimodzimodzi pa mbatata ya kachewere ndi tirigu, kumene ganyu amalipidwa pa mizere kapena pa matumba.

Otsala adzilemba okha ntchito: wa njinga yamoto, wa chigayo, mayi wa kabanka ka sopo ndi mchere, mtsikana wosintha ndalama za M-Pesa ndi e-Mola.

Onsewa ukalamba ukuwadikira opanda penshoni. Chikhalirecho lamulo la 2007 linatsegula khomo la INSS kwa anthu odzigwirira ntchito. Wolembedwa pa kampani amadulidwa 3 peresenti, bwana wake n'kuonjezera 4, koma wodzilemba yekha amasenza 7 yonseyo payekha. Pamene pavuta kwambiri ndi pa kalendala: INSS imawerenga miyezi, pomwe mlimi wa fodya amagwira ndalama nyengo imodzi pa chaka, ndipo pofika Januwale, nkhokwe ikapepuka, mameticais aja amakhala atapita ku chimanga.