Ndalama ya fodya kwa Santhe: amayamba kutapa ndani?

Msika wa fodya ukamayandikira, midzi ya kwa Santhe m'boma la Kasungu simugonedwa. M'zigafa masamba auma, amayi ali pamphasa kusankha magiredi, abambo akupana mabelo pajeke mpaka usiku. Malole amanyamula mabelowo kupita nawo ku Chinkhoma, ena amadzera msewu wa Kasiya kukatula ku Kanengo. Fodya akagulidwa, banja lonse limadikira kapepala kamodzi kamene alimi amati seloshiti.

Pamwamba pa kapepalako pamasangalatsa. Pali nambala ya mlimi, kulemera kwa belo lililonse ndi mtengo wake pa kilogalamu, m'madola. Diso likamatsika, ndalama ija imayamba kuonda. Kampani ya AHL, imene imayendetsa misika, imatapapo yake. Bungwe la Tobacco Commission lili ndi gawo lake, a kafukufuku a ARET chimodzimodzi, ndiye pali bungwe la alimi limene munthu analowa, mwini lole ndi chiguduli chimene chinakuta belo. Kenako pamabwera mwini ngongole yaikulu, uja anapereka mbewu, feteleza ndi mankhwala mvula isanagwe. Chotsala pansi penipeni ndicho chimapita ku akaunti ya mlimi. Akulu aja ponena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ankangokhala ngati aiona seloshiti.

Njira yodula ngongole ndalama isanafike m'manja mwa mwini wake imatchedwa sitopu oda. Sinabwere mwangozi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ngongole za boma za alimi ang'onoang'ono, zimene zinkadzera ku SACA, zinagwa alimi ambiri atalephera kubweza chilala cha 1992 chitawapsereza minda. M'malo mwake munabwera Malawi Rural Finance Company mu 1994. Obwereketsa anatolapo phunziro loti ngongole ya mlimi imatengedwa pamsika, osati pakhomo. Boma litavomereza ulimi wa makontirakiti mu 2012, n'kunena kuti 80 peresenti ya fodya izigulitsidwa pamgwirizano ndipo 20 peresenti yokha paokushoni, makampani ogula fodya monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI anasanduka obwereketsa aakulu kumidzi.

Chilungamo chake, njirayi yathandiza. Popanda iyo, ndi ochepa amene akanakhulupirira mlimi wa maekala awiri n'kumupatsa matumba a feteleza, makamaka pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo n'kuuluka. Chimene chimandiwawa ine ndi anthu amene mayina awo sali pakapepala paja.

Mlimi wa fodya sakhala ndi ngongole imodzi. Pali mnyamata amene wagwira ntchito kuyambira kunazale, akudya phoso la pangongole, atalonjezedwa kuti adzalandira fodya akagulitsidwa. Lamulo linathetsa utenanti mu 2021, koma kudikira malipiro mpaka msika sikunathe. Pali wagolosale amene ankalemba sopo ndi mchere m'kope, amayi a banki mkhonde, mlamu amene anabwereketsa chimanga mu Febuluwale, ndi wakatapila amene chiwongoladzanja chake chimakwera mwezi ndi mwezi. Onsewa amagawana nyenyeswa za pansi pa seloshiti. Ndipo pogawanapo palibe woyang'anira. Wakatapila amabwera ndi ukali n'kutulutsa njinga kapena mbuzi, pamene wantchito uja, amene thukuta lake ndiye lili m'mabelomo, amauzidwa kuti, “Pepani achimwene, fodya sanayende, tidzaonana chaka chamawa.”

M'makalabu ambiri ngongole ndi ya onse. Mmodzi akagulitsa fodya wake kwa mavenda usiku, anzake ndiwo amadulidwa. Mlimi amene analimbika chaka chonse amapezeka akubweza feteleza amene sanathire m'munda mwake.

Kwina kuli njira za lamulo zothandizira munthu amene ngongole zamufika m'khosi. Abale athu okhala ku South Africa amaidziwa ina ya kukhoti la majisitireti: munthu wangongole zosapitirira R50,000 amapatsidwa womuyang'anira amene amalandira ndalama zake mwezi uliwonse n'kumagawira onse amene akumufuna. Woyang'anirayo amaloledwa kutengapo mpaka 12.5 peresenti, ndipo madandaulo akhala ambiri kumeneko kuti ena amatapa mopyola, ngongole osatha. Komabe malire ake ndi olembedwa, ndipo mwini ngongole wamng'ono naye ali pamzere. Kuno tili ndi lamulo la Insolvency Act la 2016, limene limakhudza makampani ndi anthu omwe. Koma kuti mlimi wa kwa Santhe alifikire, afunika loya, ndalama ya basi ya ku Lilongwe ndi masiku angapo pakhoti lalikulu, ndipo amene angaikidwe kuyendetsa chuma chake naye amalipidwa kuchokera m'kachuma komweko eni ngongole asanalandire.

Ine ndikuona kuti pokonza pali pafupi, pa seloshiti pomwepo. Ngati lole ndi chiguduli zili ndi mzere wake pakapepala, malipiro a wantchito alephereranji kukhala nawo, dzina lake litalembedwa pamene kontirakiti ikusainidwa? Kapepalako kalembedwenso m'Chichewa, ndipo ngongole ioneke bwino: thumba lililonse mtengo wake, chiwongoladzanja pachokha. Alimi ambiri amapinda seloshiti n'kukaifunsa kwa mwana wa sukulu kapena kwa mlembi wa kalabu, amene nayenso amangoloza chiwerengero cha pansi.

Pofika Seputembala, madzi ayambanso kuthiridwa kunazale m'madimba a kwa Santhe. Alangizi a makampani adzabwera pa njinga zamoto ndi mafomu atsopano, ndipo ambiri adzasaina, ena kudinda chala, kope la wagolosale lija lisanafufutidwe.