GETI LIMODZI, MABANJA ASANU

Inu a kumudzi amene mutumiza ana ku Lusaka kukafuna nchito, dziwani kuti ambiri a iwo akafika kumeneko sakhala m'nyumba ya okha. Akhala pa lendi, m'cipinda cimodzi, pabwalo pamene mabanja anayi kapena asanu agwiritsa nchito pompi imodzi, cimbudzi cimodzi ndi geti limodzi.

M'caka ca 1996 boma la a Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo. Ku Kamwala ndi ku Matero ambiri amene anagula anamanga zipinda zina kuseri kuti azilandirako ndalama, namanganso mpanda wa njerwa poopa akuba.

Mkangano uli pa kiyi wa geti. Mwininyumba afuna kukhoma usiku ndiponso kudziwa mlendo aliyense wolowa. Sitingamunene kuti alakwa, pakuti mbala ikalowa siisankha citseko. Koma wa lendi nayenso ndi munthu wamkulu. Mai wake akatsika basi pa Intercity pakati pa usiku, kodi agone panja cifukwa kiyi ali ndi munthu mmodzi? Nanga mkazi wosakwatiwa azifotokoza dzina la aliyense womucezera monga mwana wa sukulu? Eninyumba ena afika potsegula cipinda mwiniwake atapita ku nchito, ati kuona mbaula kapena nthambo za magetsi. Mbaula ya makala m'cipinda cotseka iphadi, koma kugogoda sikudya ndalama. Ndime 17 ya malamulo akulu a dziko lino iletsa kulowa pamalo a munthu ndi kufufuza katundu wake iye osalola, kupatula pamene lamulo lalola.

Ziliko nthawi zimene cinsinsi ciyenera kupatuka. Kolera inabuka mu Lusaka mu 2017, ndipo mu January 2018 boma linaletsa kuyenda usiku ku Kanyama. Pabwalo la cimbudzi cimodzi, banja lobisa wodwala liika anzawo onse pangozi.

Mantha nawo aononga. Mu 2020, pa mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, makamu a anthu anapha anzawo powaganizira cabe, ena mwa iwo alendo osalakwa.

Tsono mwana wanu asanalipire lendi yoyamba, afunse za kiyi wake wa geti, za alendo, ndi za tsiku lake lotsuka cimbudzi, ndipo zimene agwirizana zilembedwe papepala pali mboni.