Wapolisi Amaiwala, Kamera Siiwala

Ife a ku Ntcheu tili pakati pa zipata ziwiri. Wolowera ku Blantyre pa msewu wa M1 amaima pa Chingeni, pomwe bungwe la Roads Fund Administration linayamba kulipiritsa galimoto mu Novembala 2021. Wopita ku Lilongwe amakaima pa Kalinyeke ku Dedza, chipata chimene chinatsegulidwa kumayambiriro kwa 2022. Ine ndimanyamula mbatesi za ku Tsangano ndi kabichi wa pa Lizulu pa kalole kanga, ndipo tikakumana madalaivala, nkhani imakhala ya ndalama zolipira basi. Za nambala ya galimoto palibe amene amazitchula, chonsecho kalole kanga kulikonse komwe kapita, zilembo za NU zimafika patsogolo.

M'maiko ambiri tsopano muli makamera amene samangojambula chithunzi, amawerenganso nambala. Galimoto ikadutsa, kompyuta imapeza pamene pali nambalayo, n'kuilemba, n'kuwonjezerapo tsiku, ola, malo ndi mbali imene galimotoyo yalowera. Mdima suwalepheretsa, chifukwa amaunika ndi kuwala kumene maso athu saona. Lusoli linayambira ku Britain mu 1976, ndipo apolisi a kumeneko amasunga kwa chaka chathunthu zimene makamerawa alemba, za wakuba ndi za wosalakwa yemwe.

Wina anganene kuti nambala si chinsinsi, aliyense amaiona. Zoona. Koma kumbukirani zimene tinasiya ku Road Traffic popanga khadi ya MALTIS: dzina, chithunzi, zidindo za zala, komwe timakhala. Nambala ndiyo kiyi wa zonsezo. Ndiye kwathu kuno zofunika zilipo kale: kaundula wa eni galimoto ali pa kompyuta, ndipo pali malo amene galimoto iliyonse imaima. Kulumikiza ziwirizi si ntchito yomanga nyumba, ndi pulogalamu chabe.

Rodibuloko tinaizolowera. Bwana amakweza dzanja, amasuzumira COF ndi inshuwalansi pagalasi, mwina kufunsa laisensi, kenako "Pitani, achimwene." Likamalowa dzuwa, waona galimoto zambirimbiri ndipo yanu waiiwala. Kuiwala kumeneko n'kumene kwakhala kukutiteteza osadziwa. Makina alibe zimenezo. Ulendo umodzi wolembedwa suulula kanthu, koma maulendo a chaka chonse amafotokoza munthu yense: amene amapita ku chipatala cha kutali tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse chifukwa sakufuna kuti apamudzi adziwe matenda ake, amene anapita ku msonkhano wa chipani chakuti, amene anauza mayi a kunyumba kuti wagona ku Balaka. Ine chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Wodziwa masiku amene ndimatsika ndi katundu ku Limbe wadziwanso masiku amene ndimabwerera ndi ndalama m'thumba, komanso ola limene ndimadutsa. Kalaliki mmodzi wosakhulupirika, foni imodzi kwa anyamata a zikwanje, nkhani yatha.

Sindikunena kuti makamerawa ndi oipa okhaokha. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, mbali ina Malawi, mbali ina Mozambique, ndipo galimoto yobedwa siichedwa kuwoloka. Amene anagundidwapo m'bale wake ndi galimoto yothawa angakonde kwambiri kamera itaiwerenga. Inenso atandibera kalole, ndingakhale woyamba kupempha kuti afufuze.

Koma taonani kwa anzathu. Ku Uganda boma linayamba mu Novembala 2023 kuika manambala atsopano okhala ndi zida zolondolera galimoto, mogwirizana ndi kampani ya ku Russia, ndipo bungwe la Human Rights Watch linachenjeza kuti zimenezi zitha kugwiritsidwa ntchito pozonda otsutsa boma. Ku Johannesburg, kumene kuli abale athu ambiri, makamera owerenga nambala m'misewu yambiri ndi a kampani yotchedwa Vumacam, osati a boma, ndipo imagulitsa ntchitoyo kwa makampani a alonda.

Malamulo tili nawo. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo la Data Protection Act, limene woliyang'anira ndi bungwe la MACRA. Mfundo yake ndi yoti wotolera mbiri ya munthu anene chifukwa chake, asaigwiritse ntchito ina, asaisunge kupyola nthawi yofunika, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wofunsa zimene zasungidwa. Vuto ndi lakuti madalaivala ambiri amene ndimacheza nawo sanalimvepo n'komwe.

Pempho langa ndi laling'ono. Paliponse pamene kamera ikulemba manambala, pakhale chikwangwani cha Chichewa chonena amene akusunga zolembazo, kwa miyezi ingati, ndi kokadandaula. Wofuna kuona maulendo a munthu mmodzi, kaya ndi wapolisi kaya ndi bwana wa ofesi, ayambe watenga chilolezo ku khoti, ndipo dzina lake lilembedwe kuti anatsegula. Izi zikhudzenso eni mafiling'i siteshoni, malo ogona alendo ndi makampani a alonda, poti kamera yotereyi aliyense wa ndalama atha kuitanitsa kuchokera kunja n'kuikhoma pageti pake.