Kuchokera m'kalasi kufika pa wailesi: njira imene mawu a pulofesa amadutsa ku Joni

Mkangano wa alendo ukabuka ku Joni, choyamba kusowa chimakhala chiwerengero cholondola. Wandale amaimirira pamsonkhano n'kutchula mamiliyoni amene am'bwerera m'mutu, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo pofika madzulo nambala ija yazungulira kale pa WhatsApp. Amalawi amene amalawira m'bandakucha kuchokera ku Diepsloot, Kya Sand kapena Cosmo City kukagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi pazipata za ku Fourways ndi Dainfern amadziwa kumene mawu otere amakathera. Mu Epulo 2022 bambo wina wa ku Zimbabwe anaphedwa ku Diepsloot ndi gulu limene linkayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu mapasipoti.

Chikhalirecho chiwerengero chilipo. Kalembera wa 2022 wa bungwe la Statistics South Africa anapeza anthu obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni a dziko lonse, ndipo Amalawi anali pafupifupi 200,000. Kalemberayo naye ali ndi zilema zake: akatswiri awiri a kuwerenga anthu a pa University of Cape Town, a Tom Moultrie ndi a Rob Dorrington, anachenjeza poyera kuti anthu amene anaphonyedwa powerenga anali ochuluka kwambiri moti zotsatira zina n'zosadalirika. Umenewu ndiye mkangano wothandiza, wa anthu otsutsana atagwira umboni m'manja. Pa yunivesite ya Wits ku Braamfontein palinso African Centre for Migration & Society, kumene ofufuza amalemba m'kaundula wotchedwa Xenowatch nkhanza zimene alendo amachitiridwa. Funso n'lakuti nzeru zimenezi zimatuluka bwanji mu ofesi ya mphunzitsi kuti zikafike kwa munthu wokwera takisi pa msewu wa Winnie Mandela, umene mpaka 2023 unkatchedwa William Nicol.

Tiyambe ndi malipiro, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Mphunzitsi wa pa yunivesite akamaliza kafukufuku amalemba pepala lalitali n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Kumeneko akatswiri anzake awiri kapena atatu, amene iye sauzidwa mayina awo, amaliunika n'kulibweza ndi mafunso. Zimatenga miyezi, nthawi zina chaka. Pepala likasindikizidwa m'magazini yovomerezeka, unduna woona za maphunziro apamwamba ku South Africa umapereka ndalama ku yunivesite yake, ndipo pokweza munthu paudindo amawerenga mapepala omwewa. Nkhani ya m'nyuzipepala kapena mphindi khumi za pa wailesi sizibweretsa ndalama imeneyi. Tsono pulofesa akakana kuyankha foni ya mtolankhani, kawirikawiri si mwano ayi. Palibe amene adzamufunse za foniyo pa tsiku lounika ntchito yake. Ndi chifukwa chake pamafunika amkhalapakati.

Mkhalapakati woyamba ali m'yunivesite momwemo. Wits, University of Johannesburg, University of Pretoria ndi ena ali ndi maofesi ofalitsa nkhani amene amalemba chidule cha kafukufuku watsopano n'kutumiza kwa atolankhani, komanso amadziwa mphunzitsi amene angayankhe za madzi, za msonkho kapena za chifuwa chachikulu. Wokonza pulogalamu pa wailesi ya 702 kapena SAfm sakhala ndi nthawi yambiri: akufuna munthu woti ayankhule ola likubwerali, kwa mphindi zochepa. Zotsatira zake amaimbira yemwe uja anayankha bwino mlungu watha, ndipo mawu amene timamva amakhala a anthu omwewomwewo, ambiri mwa iwo abambo. Bungwe la Quote This Woman+ linakhazikitsidwa pofuna kuthetsa chizolowezi chimenechi, posonkhanitsa mayina a amayi akatswiri kuti mtolankhani asanamizire kuti anasowa woti am'funse.

Njira imene ndikufuna kukhalapo pang'ono ndi ya The Conversation. Inayamba ku Melbourne m'dziko la Australia mu 2011, ndipo nthambi ya ku Africa inatsegulidwa ku Johannesburg mu Meyi 2015, mkonzi wake woyamba ali mayi Caroline Southey, amene kale anali mkonzi wa Financial Mail. Maganizo ake ndi osavuta: katswiri ali ndi nzeru koma amalemba zovuta kumva, mtolankhani amadziwa kulemba koma nzeruzo alibe, ndiye awiriwa agwirire limodzi nkhani imodzi.

Si aliyense angalembe. Wolemba ayenera kukhala wa pa yunivesite kapena bungwe lodziwika la kafukufuku, ndipo alembe za gawo limene iye amafufuza. Katswiri wa miyala sangalembe za katemera, ngakhale atakhala ndi maganizo otentha chotani. Nkhani imayamba m'njira ziwiri. Mwina mphunzitsi amatumiza ganizo lake m'mizere yochepa, kunena mfundo yake ndi chifukwa chimene ikufunikira lero. Mwina mkonzi ndiye amam'sakasaka china chake chikachitika m'dziko. Akagwirizana, mphunzitsi amalemba nkhani yaifupi, ya mawu osapitirira kwenikweni 1,000. Apa ndiye pamayamba kulimbana. Mkonzi amakweza pamwamba mfundo imene wolemba anaibisa kumapeto, monga mwa chizolowezi cha mapepala a akatswiri. Amachotsa mawu a m'kalasi, amafunsa kuti "mukutanthauza chiyani apa?", ndipo chilichonse chimene chanenedwa ngati choona amafuna chilozedwe kumene chachokera kuti wowerenga akathe kudzionera yekha. Koma pali lamulo limodzi limene limasiyanitsa njirayi ndi nyuzipepala wamba: nkhani situluka wolemba asanavomereze mmene yathera. Aphunzitsi ambiri amaopa atolankhani chifukwa anapsapo kale, mawu awo atadulidwa pakati n'kuikidwa pamutu wa nkhani mokhotetsa. Lamuloli ndilo limawakhazika mtima pansi.

Chinthu china chimene owerenga ambiri amachidumpha chili m'mbali mwa nkhani iliyonse: wolemba amaulula amene amam'patsa ndalama za kafukufuku, ndiponso ngati ali ndi gawo m'kampani, chipani kapena bungwe limene lingapindule ndi zimene walemba. Ndimaona kuti mizere iwiri imeneyi ndi yofunika ngati nkhani yeniyeniyo. Munthu wolemba zoyamikira fodya wamakono ali ndi ufulu wotero, koma owerenga ali ndi ufulu wodziwa ngati kampani ya fodya ndiyo inalipira kafukufukuyo.

Wolemba salipidwa. Bungweli limayenda ndi thandizo la mayunivesite ndi mabungwe opereka ndalama, ndipo nkhani zake n'zaulere. Nyuzipepala iliyonse ingathe kuzitenga n'kuzisindikiza pansi pa chilolezo cha Creative Commons, bola itchule wolemba ndi kumene yazitenga, ndipo isasinthe mawu. Ndi chifukwa chake mungapeze nkhani imodzimodzi ya mphunzitsi wa ku Zomba kapena ku Lusaka itatuluka m'nyuzipepala zingapo za mayiko osiyana. Phindu la wolemba ndi lakuti amaona kuchuluka kwa anthu amene amuwerenga, ndipo nthawi zambiri ikatuluka nkhaniyo mafoni a wailesi amayamba kulira.

Palinso njira zina. Africa Check, imene inayambira m'dipatimenti ya utolankhani pa Wits mu 2012, imatenga zimene wandale wanena pagulu n'kukafunsa akatswiri ngati zili zoona, ndipo nambala za alendo yazifufuzapo kangapo. Mphunzitsi wina amasankha kulemba buku loti aliyense awerenge, monga anachitira a Anton Harber, amene panthawiyo anali pulofesa wa utolankhani pa Wits, ndi buku lawo la 2011 lonena za Diepsloot. Ena amapita ku nyumba ya malamulo kukapereka maganizo pamene komiti ikumva anthu za bilu yatsopano, ena amaitanidwa kukhoti ngati mboni zaukatswiri.

Kuyankhula pagulu kuli ndi mtengo wake. Malamulo aakulu a South Africa, mu gawo 16, amateteza ufulu wa maphunziro ndi wa kafukufuku wa sayansi. Malamulo aakulu a Malawi amatchula ufulu wa maphunziro mu gawo 33. Koma cholembedwa ndi chochitika sizifanana nthawi zonse. Mu Meyi 2020 Pulofesa Glenda Gray, amene anali mtsogoleri wa South African Medical Research Council komanso mmodzi wa alangizi a nduna ya zaumoyo pa mliri wa Covid-19, anadzudzula m'nyuzipepala ena mwa malamulo otsekera anthu m'nyumba. Mkulu wina wa mu undunawo analembera bungwe lawo kuti liwafufuze. Akatswiri anzawo ambirimbiri anasaina kalata yowaikira kumbuyo, ndipo nkhaniyo inatha popanda chilango. Mu Novembala 2021 asayansi a ku South Africa, kuphatikizapo a Tulio de Oliveira, analengeza za mtundu watsopano wa kachiromboka umene unatchedwa Omicron. Pasanathe masiku ambiri, Britain ndi America anatseka maulendo ochokera kummwera kwa Africa, Malawi ali momwemo, ndipo anthu ena okwiya anatembenukira asayansiwo ngati kuti iwo ndiwo anapalamula.

Kwathu tikuidziwa bwino nkhani yotere. A Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga kudzawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ndi zimene zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi ananyanyala ntchito, motsogozedwa ndi mayi Jessie Kabwila. Anayi anachotsedwa ntchito, ndipo anabwezeretsedwa patatha miyezi pafupifupi isanu ndi itatu chiyambire mkanganowo, ophunzira atataya nthawi yaitali. Ngati mawu a m'kalasi anafika kupolisi, tisadabwe kuti mphunzitsi wina amayamba waganiza kawiri asanapite pa pulogalamu ya pa wailesi ya Tiuzeni Zoona.

Nanga nzika wamba ichite chiyani ndi zonsezi? Mukamva munthu akutchulidwa kuti "katswiri" pa wailesi, funsani kuti ndi katswiri wa chiyani, ndipo ali pa yunivesite iti. Dzina la udokotala silisandutsa munthu wodziwa zonse. Mvetserani ngati akunena zimene anapeza pofufuza kapena maganizo ake chabe. Zonse ndi zololedwa, koma kulemera kwake n'kosiyana. Dziwaninso kuti mphunzitsi amayankhula m'dzina lake, osati m'malo mwa yunivesite yonse, kotero aphunzitsi awiri a dipatimenti imodzi angathe kutsutsana pa kanema usiku umodzi popanda wolakwa. Nyuzipepala ikapotoza mawu a munthu kapena ikafalitsa nambala yabodza yonyozetsa gulu la anthu, dandaulo limapita kwa Press Ombud wa bungwe la Press Council of South Africa, kwaulere, koma musachedwe, chifukwa nthawi yodandaulira ili ndi malire. Za wailesi ndi kanema zimapita ku bungwe la BCCSA. Ndipo kalata yopita kwa mkonzi wa Fourways Review, nyuzipepala ya m'deralo, siifuna digiri.

Chimene chimandivuta ine n'chakuti njira yonse ndafotokozayi imathera m'Chingerezi. The Conversation Africa imasindikiza m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Kafukufuku wa moyo wa olima maluwa ndi olera ana amawerengedwa ndi abwana awo kuseri kwa mipanda yamagetsi, pamene eni nkhani, amene anapatula nthawi yawo kuyankha mafunso a wofufuza, samva n'komwe zimene zinapezeka. Zili ngati kusonkha chimanga ku chigayo, ufa n'kukadyedwa kumudzi kwina. Chilolezo chija choletsa kusintha mawu chikutanthauzanso kuti wofuna kumasulira nkhani m'Chichewa ayenera kupempha kaye, ngakhale kuti kupemphako ndi kalata imodzi yokha. Zipata za chiyankhulo chathu zilipo ndithu: wailesi ya Channel Africa ya SABC ili ndi mapulogalamu a Chinyanja, ndipo kumudzi kuli Tamvani ndi Fuko za kampani ya Nation, kuli Zodiak ndi MBC. Aphunzitsi a Chimalawi ali m'mayunivesite ambiri a South Africa; a Danwood Chirwa anafika pokhala mkulu wa sukulu ya zamalamulo ku Cape Town. Koma amene amatenga zimene apeza n'kuzinena m'Chichewa ndi owerengeka, mwina poopa kuti mawu a sayansi alibe ofanana nawo, mwina chifukwa ntchitoyi nayo silipidwa.

Apa mipingo ya Amalawi ndi magulu othandizana pa maliro angathe kuyambapo okha. Wofufuza aliyense wobwera ndi mafunso amayenera kupempha chilolezo chanu, kukuuzani cholinga chake ndi yunivesite imene yam'tuma, ndipo muli ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira. Musanasaine pepala lakelo, m'funseni tsiku limene adzabwerenso kudzafotokoza zotsatira, ndi chiyankhulo chimene adzagwiritse ntchito. Maadiresi a imelo a aphunzitsi amapezeka pa masamba a intaneti a mayunivesite awo, ndipo mlembi wa gulu angathe kulemba kalata yowaitana Lamlungu lina mapemphero akatha.